Bambo ankati nyenyezi zinatha

Abale anga a pa gulupu pano, ndabweranso. Inu amene mumadandaula kuti zolemba zanga zimatha bandulo, pepani, ya leroyi yaposa ija ya kabuleta. Koma ikani foni pa chaji muwerenge mofatsa, makamaka ngati kwanu kuli munthu wamkulu amene wayamba kufunsa kuti "ndani ameneyo?" iwe utaima pakhomo pomwepo, dzuwa likuswa mtengo.

Ndiyambe ndi nkhani ya kamera, poti ena a ku Senga Bay kuno munkandiona pamchenga 3 koloko m'bandakucha n'kumati mwana wa asiginala uja wayamba zamankhwala. Kkkk. Msuweni wanga wa ku Joni ali ndi boti kuno. Injini yake, Yamaha ya 15, inagwira pisitoni chifukwa anyamata ake ankachepetsa oyilo posakaniza ndi petulo, wotsalayo n'kumagulitsa. Ndinaimasula yonse, ndinasintha pisitoni ndi maring'i, mabering'i ndinagula ndi ndalama zanga. Ngongole inagona miyezi 4. Atabwera mu July 2024, m'malo mwa ndalama anatulutsa kachikwama kakuda. M'katimo munali kamera yakale ya Canon 600D ndi lenzi yaitali yolembedwa 75-300mm. Akuti, "Aise, ichi ukagulitsa ku Lilongwe upeza zoposa zako." Ndinalandira chifukwa cha chibale basi. Bambo atamva anangofunsa funso limodzi: "Ndiye tithire mchere tidye chimenecho?"

Bambo anga anali siginala zaka zoposa 30. Kwa inu a m'tauni, siginala ndi munthu amene amakhala m'bwato ndi nyali usiku wa mdima, kuitana usipa. Nsomba zikasonkhana pansi pa kuwalako, iye amazitsogolera pang'onopang'ono kulowa m'chilimira, n'kupereka chizindikiro kuti alovi akoke. Akalakwitsa, gulu lonse libwerera chimanjamanja, petulo atapsa. Wotchi analibe, koma nthawi sankaiphonya. Ankayang'ana kumwamba. Ndili mwana ankandilozera Nsangwe, kagulu ka nyenyezi kothinana kaja, Akamwiniatsatana ndi zitatu zake zondondozana, komanso Nthanda. Ankati mwezi uno Nsangwe ikafika pakutipakuti, ndiye kuti tikoka kawiri kokha kucha. Ankadziwanso kuti mwezi wotsatira idzafika pamalo omwewo msanga. Ine ndinadzawerenga pambuyo pake kuti nyenyezi zimatuluka mofulumirako ndi mphindi pafupifupi 4 usiku uliwonse, kutanthauza maola 2 pa mwezi. Iwo nambalayo sankaidziwa, koma ankadyera pomwepo.

Zaka 3 izi zisanachitike anasiya kupita panyanja. Anati msana. Ankangokhala pansi pa mango kusoka maukonde, zala zikuyenda zokha. Usiku akatuluka panja ankadandaula: "Nyenyezi zinatha. Nyali zanu zamabatirezi zinazithamangitsa. Nthawi ya tilelampu kumwamba kunkadzaza." Ife tinkangoseka. Zoona nyali za LED zachuluka moti usiku wa mdima zimakhala ngati tauni yamera pamadzi, koma ukakweza mutu Mlalang'amba umakhala uli pompo. Ndinkati ndi zokamba za akuluakulu, zija zoti kale chambo chinali chachikulu ngati chitseko. Ndiye nditagwira kamera ija ndinati basi, ndijambula Nsangwe ndiwaonetse, mkangano uthe. Kunena zoona ndinkangofuna kuwina, ndiponso kuti asiye kunditonza za ngongole ija.

Mu August, Nsangwe imatuluka pakati pa usiku patadutsa pang'ono, kum'mawa chakumpoto, pamwamba pa madzi. Ndinadzuka cha m'ma 3, mwera utagona. Choimikirapo kamera ndinalibe, ndiye ndinatenga kathumba ka mchenga n'kukaika pa sitandi imene ndimakolekapo injini. Ndinakoka lenzi mpaka 300, ndinaloza, ndinadina. Lenzi inangoti zwii kupita kutsogolo, zwii kubwerera, ngati injini imene pulopela yake ikuterereka, kulira kokhakokha boti osayenda. Kamera inakana kujambula. Autofocus imafuna chinthu chokhala ndi malire ooneka, pamene kuwala ndi mdima zakumana. Kumwamba usiku imangoona chimdima ndi timadontho tochepetsetsa, ndiye mutu wake umaima. Pambali pa lenzi pali kaswitchi kolembedwa AF ndi MF. Ukakankhira pa MF, fokasi umapotoza wekha ndi dzanja.

Apa ndinati nkhani yatha. Nyenyezi zili kutali, ndiye ndingopotoza ring'i ya fokasi mbali ya kutali mpaka pamene yagunda. Ndinajambula zithunzi 20. Nditazikuza pa sikirini, nyenyezi iliyonse inali ngati kamandasi kotuwa kofufuma. Usiku wachiwiri, mandasi omwewo. Ndinatsala pang'ono kukwera minibasi kukaigulitsa. Koma safunsa anadya phula, ndinagula bandulo ya usiku n'kuyamba kufufuza pa YouTube. Kumeneko ndinamva kuti malenzi ambiri a autofocus amawapanga mwadala kuti ring'i izipitirira pang'ono malo a kutali kopanda malire, aja chizindikiro chake chimakhala ngati 8 wogona. Chifukwa china ndi chimene ife amakaniko timachidziwa bwino: chitsulo, pulasitiki ndi galasi zimatambasuka kukatentha, zimabwerera kukazizira. Malo enieni a fokasi amasuntha, ndiye opangawo amasiya kampata. Ukapotoza mpaka pogunda, wazipitirira nyenyezi, ndipo chilichonse chimangokhala mbuu.

Chimene chinandidabwitsa ndi kuchepa kwa malo olondolawo. Lenzi yangayi pa 300mm imatseguka mpaka f/5.6 basi. Pamenepo, kuti nyenyezi ikhale kadontho kakuthwa ngati nsonga ya singano, kuwala kuyenera kukumana pa sensa mosaphonya ndi mpata wosakwana milimita 0.1. Ndi kunenepa kwa tsitsi limodzi. Ine ndimayesa gapu ya pulagi, imene imakhala cha m'ma milimita imodzi kapena kucheperapo, ndipo ndinkadzitenga ngati katswiri. Apa ndiye kumafunika kulondola kakhumi kuposa pamenepo, ndi zala zomwezi, mumdima, udzudzu ukuimba m'makutu. Ring'i ya lenzi yotchipa ngati yangayi ndi yopepuka, kungoikhudza yasuntha kale.

Njira imene inandithandiza ndi iyi, lembani amene muli ndi makamera. Osayamba ndi nyenyezi zofooka. Loza yowala kwambiri imene ilipo. Yatsa Live View kuti uziona pa sikirini, ika nyenyeziyo pakati, dina batani lokuza mpaka x10. Kenako potoza ring'i pang'onopang'ono. Chimandasi chija chimayamba kuchepa, kuchepa, kenako chimayambanso kukula. Apo wapitirira, bwerera. Pita, bwerera, mpata ukuchepa nthawi iliyonse, monga timachitira ndi sikuluwu ya pa kabuleta, kufunafuna pamene injini ikumveka bwino, osatsamwa osathamanga. Kadontho kakachepetsetsa, tinyenyezi tina tofooka timene sitimaoneka timangotulukira pambali. Chimenecho ndiye chizindikiro chodalirika. Ukafika apo chotsa dzanja, mata ring'iyo ndi inshuleshoni tepi. Matanso ring'i ya zumu, chifukwa lenzi ikaloza kumwamba imatsetsereka yokha ndi kulemera, ndipo zumu ikasuntha fokasi yapita. Pakatha ola limodzi uyesenso, poti kukamazizira kum'bandakucha fokasi imayenda yokha.

Tsiku loyamba kulondola linali m'bandakucha wa pa 15 August. Kum'mawa kunali nyali ziwiri zoyandikana kwambiri, ina yoyera yowala, ina yofiirira yaing'ono, mpata wake wosakwana kukula kwa mwezi. Ngati maboti awiri amene ayandikana kuti apemphane fodya. Yoyerayo inali Jupiter, yofiirayo Mars. Ndinaloza Jupiter, ndinakuza x10, ndinapotoza. Mwadzidzidzi pambali pake panatuluka timadontho tating'ono tondondozana pa mzere umodzi. Ndinayamba ndapukuta sikirini poganiza kuti ndi mchenga. Ayi, inali miyezi yake. Ikuluikulu ilipo 4, nthawi zina umaona yochepa chifukwa wina wabisala kuseri kapena wadutsa kutsogolo. Galileo anaiona koyamba mu January 1610 ndi chipangizo chopanga yekha. Ine ndinaiona nditavala ovolosi yonunkha petulo. Kuyambira tsikulo Jupiter ndi geji yanga. Miyezi ija ikaoneka ngati timadontho, fokasi ili bwino. Ikasungunuka, yambiranso.

Fokasi itatheka panabwera vuto lina. Mandasi anatha, koma nyenyezi zinasanduka usipa, timizere tating'ono tonse toloza mbali imodzi. Ndinkatsegula shata masekondi 10 kuti kuwala kulowe kokwanira, osadziwa kuti dziko silidikira munthu. Limazungulira madigiri 15 pa ola, ndipo lenzi yaitali imakuza kuyendako monga imakuzira china chilichonse. Ojambula ali ndi lamulo lachidule la 500: gawa 500 ndi kutalika kwa lenzi yako. Kamera yangayi sensa yake ndi yaing'ono, ndiye 300 uja umachulukitsa ndi 1.6, akhala 480. Gawa 500 ndi 480, upeza sekondi imodzi. Imodzi yokha basi, ndipo ukakuza kwambiri kamchira kamaonekabe pang'ono. Ndiye ndinaika sekondi imodzi, f/5.6, ISO 3200, ndi taima ya masekondi 2 kuti chala changa chisagwedeze kamera. Pano ndikangoona chithunzi ndimadziwa matenda ake, monga ndimadziwira injini pakulira. Mandasi ndi fokasi. Usipa ndi nthawi yatalika. Nyongolotsi zokhotakhota ndiye kuti kamera yagwedezeka.

Tsopano imvani pamene ndinagwira njakata zenizeni. Bwato lakale la bambo lili pamchenga mpaka lero, lobooka pansi. Ndinkafuna chithunzi chimodzi chokhala ndi mphuno ya bwatolo patsogolo, Nsangwe ikungotuluka kumbuyo kwake, zonse zooneka bwino. Ndinaima mamita ngati 15 kuchokera pabwato. Ndikalondola bwato, nyenyezi mandasi. Ndikalondola nyenyezi, bwato chimthunzi ngati mvuu. Mausiku awiri ndikulimbana nazo.

Nkhani yake ndi yotere. Lenzi imalondola mtunda umodzi wokha. Kutsogolo ndi kumbuyo kwa mtundawo kuli dera limene zinthu zimaonekabe bwino, ojambula amati depth of field, ine ndimangoti lamba. Foni inatizoloweza zoipa, chifukwa kalenzi kake ndi kakafupi kwambiri, lamba wake ndi wotakata, mnzako ali pafupi ndi phiri lili kumbuyo zonse zimatuluka bwino. Lenzi ikamatalika lamba amaonda, ndipo amaonda mothamanga. Pa 300mm f/5.6, nditalondola bwato pa mamita 15, lamba yense ndi theka la mita basi. Ndikalondola nyenyezi, zinthu zapansi zimayamba kuoneka bwino kuyambira pa mamita pafupifupi 800. Pa 75mm f/4 zimayambira pa mamita 70 ndi kanthu. Mwaona kusiyana? Ungachepetse kabowo kolowera kuwala kufika f/11, 800 uja atsika kufika 400, koma kuwala kolowa kutsala gawo limodzi mwa magawo 4, pamene nthawi yako ndi sekondi imodzi ija. Bwato pa mamita 15 silipulumuka ngakhale utatani. Nyali za maboti akutali zimatha kuoneka bwino limodzi ndi nyenyezi, koma nazo zimavina ndi mafunde.

Koma kumwamba kokhakokha lamba alibe ntchito. Mwezi uli pa makilomita pafupifupi 384,000. Jupiter ali pa makilomita mamiliyoni mazanamazana. Kuwala kwa Nsangwe kwayenda zaka zoposa 400 kuti kufike pa Senga Bay. Kwa lenzi zonsezi ndi mtunda umodzi, kutali basi. Ukalondola imodzi walondola zonse. Ndiye munthu asakunamizeni kuti mutseke kabowo kwambiri pofuna kuti nyenyezi zapafupi ndi zakutali zonse zioneke, mungotaya kuwala pachabe. Vuto limabwera ukafuna zapansi ndi zakumwamba nthawi imodzi. Apo uyenera kusankha, kapena ujambule kawiri n'kulumikiza pa kompyuta. Ine kompyuta ndilibe. Ndinasankha nyenyezi.

Pali kanthu kena kothandiza. Munthu wina wa ku Russia wokonda kujambula nyenyezi, Pavel Bahtinov, mu 2005 anatulukira chivundikiro chong'aluka mizere choika kutsogolo kwa lenzi. Nyenyezi yowala imatulutsa X ndi mzere wina wodutsa, mzerewo ukakhala pakati penipeni ndiye kuti fokasi yalondola. Kudula mizere yowongoka choncho ndi mpeni kunandikanika, ndiye ndinachita njira yosavuta. Ndinadula katoni yozungulira, ndinabowola mabowo awiri ofanana, lina uku lina uku. Fokasi ikaphonya nyenyezi imaoneka ziwiri, ukamapotoza zimayandikana, zikakhala imodzi wafika. Kungoti osaiwala kuchotsa katoniyo usanajambule. Ine ndinaiwala kamodzi, mxii.

Kumayambiriro kwa September, mwezi uli mumdima, ndinapeza chimene ndinkafuna. Nsangwe yathunthu pachithunzi. Ndi maso munthu amaona 6 kapena 7. Pa sikirini ndinawerenga mpaka 40 n'kutopa. Ndinapitiriza kujambula Jupiter ndi nyali za panyanja chifukwa cha kukondwa. Koma cha m'ma 4 zithunzi zinayamba kusintha. Tinyenyezi tofooka tinasowa, zowala zinavala chimkanda cha utsi mozungulira. Ndinayang'ana tepi, ili pompo. Ndinaunika kutsogolo kwa lenzi ndi tochi. Mame. Galasi lonse lachita nthunzi. Fokasi inali yolondola, kamera yabwinobwino, koma kuwala kumamwazika pagalasi kusanafike m'kati.

Kutacha ndinapita pansi pa mango monyada. "Ababa, nyenyezi zanu zija munkati zinatha, izi." Analandira kamera, anaiyandikiza, anaitalikitsa, anaipendeketsa. "Mulibe kanthu umu. Ndi mdima." Ndinakuza. "Mdima," anatero. Ndinakwiya pang'ono, ndinaganiza kuti ndi makani awo aja. Podina kuti ndibwerere, ndinapitirira n'kufika pa chithunzi cha mame chija, nyali za maboti zitatupa ndi chimkanda chake. Anandigwira dzanja. "Ima pomwepo. Izi ndiye wajambula zoona. Nyali za masiku ano ndi zimenezi, utsi wokhawokha. Mwezi nawonso unavala chimkanda chotere, chaka chachitatu chino sichinachoke."

Abale, mtima unangoti phwii. Mwezi wanji wovala chimkanda zaka 3? Kwathu kuno mwana sayang'anitsitsa bambo ake m'maso, ndi mwano. Tsikulo ndinachita mwano. Ndinawapempha atembenukire kudzuwa. Kamwana ka diso, kamene kamayenera kukhala kakuda bii, kanali kotuwa ngati madzi otsukira mpunga. Maso onse awiri. Ine amene ndimazindikira madzi mu petulo pongoyang'ana mtundu, ndinakhala nyumba imodzi ndi munthu zaka 3 osaona. Madzulo amayi anandiuza zoona. Msana unali bodza. Usiku wina ali panyanja nyali za maboti zinawathobwa m'maso, zonse zinasakanikirana, analowetsa nsomba kolakwika, chilimira chinatuluka chopanda kanthu. Alovi achichepere anawaseka. Anabwera kunyumba, anakoka bwato pamtunda, ndipo sanakambenso za nkhaniyo.

Kuwauza za chipatala inali nkhondo. Akuti kumeneko amachotsa diso la munthu n'kuika la mbuzi. Akuti wakutiwakuti anapita akuona pang'ono, anabwera osaona. Ndinatenga lenzi, ndinaipumira mpweya, ndinawagwiritsa kuti amve kunyowa kwake, ndinapukuta. Ndinati, "Ababa, kamera sinaonongeke, ndi galasi lokha." Anati, "Iwe, munthu si injini." Amayi anayesa njira yawo: "Mdzukulu wanu akuyenda tsopano, nkhope yake mukuidziwa?" Anangoti zii. Amene anathyola makaniwo ndi mnzawo wakale amene ankakoka naye chilimira, yemwe anachitidwa opaleshoni ya ng'ala ku Nkhoma. Ndinakamutenga panjinga. Anakhala pansi pa mango n'kuyamba kutchula maboti amene amafika pagombe, ili la uje, ilo la uje, lapakidwa penti yatsopano. Bambo anamvetsera nthawi yaitali, kenako anafunsa kuti ulendo wake ndi ndalama zingati.

Ndinawauza kuti ndigulitsa kamera tipeze thiransipoti. Anakana kwamtuwagalu. "Osagulitsa. Chithunzi chija sindinachione." Ndiye ndinadikira ndikonze injini ziwiri, achemwali anga a ku Lilongwe anaonjezera, mu October tinanyamuka. Salima, Lilongwe, kenako msewu wa M1 mpaka pa Kamphata, n'kukhotera ku Nkhoma.

Adokotala atawayeza anati ndi ng'aladi, ndipo kumbuyo kwa diso kukuoneka kuti kuli moyo. Anatifotokozera kuti m'diso la munthu muli kalenzi kake, ndipo ng'ala ndi kalenzi kameneko kakachita mbuu. Chachikulu ndi ukalamba, koma dzuwa la zaka zambiri, fodya ndi matenda a shuga zimafulumizitsa. Padziko lonse ng'ala ndi imene imachititsa khungu anthu ambiri kuposa matenda ena a maso, chonsecho imachotseka. Opaleshoni yake munthu amakhala ali maso, amangochititsa dzanzi disolo, amachotsa kalenzi kotuwako n'kuikamo kapulasitiki koonekera. Za mbuzi palibe. Anayamba ndi la kumanja, ndipo sanakhalitsemo. Anatiuzanso kuti kapulasitikiko sikasintha fokasi monga limachitira diso la mwana. Amakasankha koti munthu aziona kutali, zapafupi monga kusoka ukonde azivala magalasi. Ine ndinangoseka ndekha pabenchi. Ndiye kuti alondola kutali n'kumata tepi.

M'mawa mwake anachotsa bandeji. Bambo anaphethira, anayang'ana khoma, anayang'ana anamwino, kenako anandiyang'ana ine kuyambira kumutu mpaka kuphazi. Ndinkadikira mawu aakulu. Anati, "Iwe, malaya a girisiwa ndi amene wabwera nawo pagulu la anthu?"

Anatilangiza za mankhwala odontheza, osatikita diso, osalowetsa fumbi kapena madzi akuda. Tinatsatira. Kumayambiriro kwa November mwezi unalinso mumdima, ndipo nthawi imeneyo Nsangwe imatuluka munthu akungomaliza kudya nsima yamadzulo. Cha m'ma 9 tinatsikira kumchenga, iwo patsogolo, osagwira phewa la munthu. Anaima pafupi ndi bwato lawo lobooka lija, anaphimba diso lamanzere ndi chikhatho, anakweza mutu. Sanafunefune. Anangoloza pomwepo. "Ilipo." Anakhala chete, ine ndinangoyang'ana kumadzi. Kenako anawerenga chamumtima, anati akuona 5, mwina 6. Anatsitsa chala: "Zitatu zija nazo zatuluka." Atafika pa Jupiter anaima. "Koma yowalayo si yapamenepo. Ndi mlendo." Ndipo sananame. Jupiter ndi pulaneti, imayendayenda pakati pa nyenyezi, zaka zimene iwo ankaona bwino inali kwina. Munthu zaka 3 osaona kumwamba, koma kaundula yense ali m'mutu.

Tili pomwepo ndinatulutsa kamera. Anavala magalasi awo atsopano, ndinawaonetsa chithunzi cha September chija. Anayang'ana pa sikirini, anavula magalasi kuyang'ana kumwamba, anavalanso. "Zonsezi zinali m'menemo nthawi yonseyi?" Ndinati eya. Anagwedeza mutu. Ndinaganiza kuti ndawina. Koma analoza mmunsi, pamene thambo lakumana ndi madzi, pamwamba pa mzere wa nyali za maboti. "Nanga apo? Kale apo pankakhala nyenyezi mpaka kukhudza madzi." Ndinayang'ana. Panalidi mbee, nyenyezi zofooka osaoneka. Mwina ndi utsi wa moto wa m'tchire wa nyengo ino, mwina ndi nyali zathuzi zimene zimatithobwa. Mawu a akulu akoma akagonera. Mkangano uja unatha wani-wani. Pobwerera anawonjezera kuti, "Chinthuchi ndi chabwino, koma msuweni wakoyo ndalama zija akupatsebe."

Diso lamanzere likudikira ulendo wachiwiri, tikusonkhanitsa. Panyanja usiku sanabwerere ndipo sindikufuna abwerere, koma maukonde akusoka ndi magalasi pamphuno, ndipo mdzukulu akamathawira kumadzi ndi iwo amene amayamba kumuona.

Ndiye abale, chimene ndalembera zonsezi ndi ichi. Agogo, amayi, bambo akayamba kunena kuti nyali zikuwathobwa, mwezi uli ndi utsi, dzuwa la masiku ano lasintha, kapena asiya ntchito imene ankaikonda n'kupereka chifukwa chosamveka, osangoseka monga tinachitira ife. Chitani mwano kamodzi, ayang'aneni m'maso padzuwa. Si kusaona kulikonse kumene kuli ng'ala, matenda a maso alipo ambiri ndipo ena sadikira, ndiye osadonthezamo zitsamba kapena mankhwala ogula pamsika, pitani nawo akayezedwe. Tumizani kwa ena amene kwawo kuli achikulire.

Ofuna kuona miyezi ya Jupiter, mundifunse kaye ngati ikuoneka mwezi umenewo, mubwere ndi mankhwala a udzudzu anuanu. Ndipo eni injini ya 40 ija, yatha kale, ikulira bwinobwino. Bwerani ndi ndalama. Kamera ina sindilandira.